Otsika Phiri Lachinayi

Mtsinje wa Shire ukafika pa Liwonde umagawa anthu pawiri: tsidya lino ndi Machinga, tsidya lija ndi Balaka. Anthu ake ndi amodzimodzi. Amakwatirana, amaikirana maliro, amagulitsana nsomba ndi makala. Koma chaka ndi chaka, mvula isanagwe, pankakhala tsiku la zaumoyo pomwe amayi a mbali ziwirizi ankakokana chingwe pabwalo la sukulu, ndipo tsiku limenelo chibale ankachisiya kunyumba. Opambana ankapita ndi mbuzi.

Amayi a tsidya lino ankaphunzitsidwa ndi Zaina. Iyeyu ankagwira ntchito pachipatala china, m'chipinda chomwe anthu othyoka miyendo ndi ofa ziwalo amaphunziramo kuyendanso. Anali mayi wamfupi, wochepa thupi, wa nkhope yofatsa yoti sungaiganizire choipa. Chingwe sankakoka nawo, akanangouluka nacho, koma za minofu ankazidziwa. A tsidya lija mphunzitsi wawo anali Usumani, mwana wa amalume ake a Zaina, yemwe ankagulitsa zitsulo za njinga zamoto pa Mangochi Turn-off. Kuseri kwa shopu yake ankasunga zonyamula zolimbitsira thupi zoumba ndi simenti m'zitini za penti, ndipo malaya ankagula ochepa dala kuti mikono izioneka.

Awiriwa anayamba kalekale kuputana. Ali ana, Usumani anamuikira Zaina buluzi m'chikwama cha mabuku, Zaina n'kumuwazira chitedze m'kabudula wa sukulu, ndipo kukula sikunawachiritse. Tsopano nkhani inali pa chingwe. Mbuzi ya chaka chatha inadyedwa tsidya lija, ya chaka chinacho chimodzimodzi, ndipo Usumani sanalole kuti msuweni wake aiwale. Mpikisano utatha anamutumizira kaphukusi pa kabaza, komangidwa bwino ndi riboni. Zaina atamasula pamaso pa anzake a kuntchito anapezamo mchira wa mbuzi. Akakumana pa ukwati kapena pa sadaka, Usumani ankamupatsa moni mwaulemu wonyanya n'kumufunsa ngati odwala ake a pamsika aja, kunena amayi a gulu lake, ayamba kuima okha. Poti anali pachisuweni, Zaina sakanakwiya kapena kukadandaula kwa amalume. Zoterezi mankhwala ake n'kubweza, ndipo iye anali asanapeze chobwezera.

Chaka chimenechi Zaina anayamba msanga. Madzulo aliwonse akaweruka ankakumana ndi gulu lake kuseri kwa chigayo cha pamsika. Tsiku loyamba anabwera ndi ndowa ya madzi n'kuitana Maness kuti aime kutsogolo. Maness ankagulitsa milamba yowamba. Anali mayi wa thupi lodzaza khomo, ndipo ndiye ankamangidwa chingwe m'chiuno kumapeto kwa mzere. Zaina anamuuza kuti anyamule ndowayo ndi dzanja limodzi, apinde chigongono mpaka chogwirira chifike paphewa. Mnofu wa pamkono unatumphuka ngati mbatata. Zaina anaukhudza ndi chala n'kuuza amayiwo kuti apa mnofu wafupika, ndiko kukoka kumene aliyense amakudziwa. Kenaka anati ndowayo itsike pang'ono, iime pakati, osakwera osatsika. Sipanapite nthawi, mkono wa Maness unayamba kunjenjemera, madzi n'kumatayikira kumapazi.

“Mukuona? Palibe chikuyenda, koma mnofu uli pantchito,” anatero Zaina. “Sukufupika, sukutalika, wangogwira. Tsopano tsitsani pang'onopang'ono mpaka pansi, osaiponya. Apo ukutalika, koma ukukaniza, ngati mabuleki a njinga pamtsetse.”

Anawauza kuti zaka zapitazo ankagonja chifukwa chothamangira kukoka, mphamvu n'kuthera poyambirira. Chaka chino aphunzira kugwira: a Balaka akoke mpaka atope, iwo angozika mapazi. Ndiye anawandandalika kukhoma la chigayo, msana kukhoma, mawondo opinda ngati akhala pampando, koma mpando palibe. Ntchafu zinkayaka moto. Akachoka pamenepo ankawamangira chingwe pamlambe wa kuseri kwa msika kuti alimbane nawo. Anthu obwera kudzagayitsa ankaima ndi matumba pamutu n'kumafunsa ngati mlambewo akufuna kuusamutsira ku boma. Maness ankadandaula tsiku lililonse kuti wasiya nsomba ndi ntchentche kuti adzakhale pampando wa mphepo, koma sankajomba, ndipo patapita milungu ingapo ankakhala pampando wa mphepowo uku akutafuna mtedza.

Zaina anayamba kukhala ndi chiyembekezo, mpaka Lamulungu lomaliza mpikisano usanachitike, pomwe anawoloka mlatho kukaona amalume ake. Ali pa kabaza anamva nyimbo kumsewu wafumbi wa kuseri kwa mashopu. Amayi a tsidya lija, ambiri a iwo oumba njerwa ndi oswa miyala, ankakoka galimoto yakufa ndi chingwe, Usumani ali mkati akuwongolera, chigongono pawindo. Galimotoyo inkayenda ngati ili ndi mafuta. Zaina anauza wakabaza kuti asaime. Mumtima anadziwa kuti mpando wa mphepo pawokha sukwanira.

Kwa amalume anadya, anacheza, koma maganizo anali kwina. Panali chinthu china chokhudza ntchito yachitatu ija ya minofu, yokaniza uku ikutalika, chimene sanaliuze gulu lake poti sichinkafunika pa chingwe. Munthu wosazolowera akaichita mopitiriza muyeso, monga kutsika phiri atasenza katundu, tsiku lomwelo samva kanthu, amangodziona wamphamvu. Mawa lake ntchafu zimayamba kulankhula. Mkuja wake ndiye zimakana zonse: kunyonyomala, kutsika masitepe, ngakhale kukhala pamkeka. Zimatha zokha pakapita masiku, sizisiya chilema. Zaina anawerengera chammbuyo kuchokera Loweruka, n'kufika pa Lachinayi.

Chakumadzulo Usumani anabwera kwa bambo ake n'kuyamba kutsuka njinga yake yamoto kuseri kwa mpanda waudzu. Zaina anamva phokoso la madzi ndi kamluzu ka munthu wokhutira ndi moyo. Anatuluka, anakaima pafupi ndi mpandawo chofulatira, n'kuika pakhutu foni yomwe inali itatha moto kuyambira masana. Analankhula monong'ona, koma kunong'ona kwake koti wa kuseri kwa mpanda amve.

“A Maness, zija zatheka, koma musauze munthu. Lachinayi galimoto ikatitula pamwamba pa phiri lija la ku Machinga boma, ife n'kutsika wapansi, aliyense ndi chigubu cha madzi pamutu. Iyayi, kukwera n'kutaya nthawi, mphamvu yonse ili potsika. Madzi akhale theka la chigubu basi. Pofika Loweruka miyendo idzakhala zitsulo zokhazokha.”

Kuseri kwa mpanda mluzu unali utaleka, madzi nawo osamvekanso. Zaina anatsanzikana nayo foni yakufayo mwaulemu, nabwerera m'nyumba kukathandiza azakhali kutsuka mbale. Usumani atalowa patapita nthawi, anali munthu wokoma mtima modabwitsa. Anamufunsa Zaina ngati akufuna amuperekeze panjinga, ndipo za odwala a pamsika sanazitchule n'komwe.

Pobwerera pamlatho Zaina anadziuza kuti bodza lenileni sananame. Kutsika phiri kumalimbitsadi miyendo, munthu akayamba kudakali miyezi. Iye anangosiya kutchula za miyeziyo. Ndipo theka la chigubu analitchula dala, posafuna kudzawalandira amayiwo kuchipatala. Maness weniweni sanamuuze kanthu, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwa Maness m'mawa, pofika masana inkakhala itafika ku Ntaja. Gulu lake anangoliuza kuti Lachitatu ndi tsiku lomaliza kukumana. Lachinayi ndi Lachisanu aliyense apume, adye bwino, asanyamule cholemera.

Lachinayi m'mamawa, akupita kuntchito, lole inamudutsa ikulowera msewu wa ku Zomba. Inali yodzaza amayi ndi zigubu zachikasu, ndipo mmene madzi ankadonthera m'zivindikiro zinkaonekeratu kuti za theka zija Usumani anazitaya. Iye anali kutsogolo panjinga yake, chigubu chachikulu kuposa zonse chitamangidwa kumbuyo. Atamuona Zaina anatembenuzira nkhope kumbali ngati akuwerenga chikwangwani. Tsiku lonselo Zaina anagwira ntchito akuimba chamumtima, moti agogo ena amene ankawaphunzitsa kuyenda ndi ndodo anamufunsa ngati wakwezedwa pantchito.

Lachisanu ataweruka anadutsira pamsika kuti aone gulu lake. Pa benchi ya Maness anapeza munthu wina akugulitsa, yemwe anamuuza kuti mwini wake ali kunyumba, agona. Wa tomato nayenso kunalibe, wa mandasi chimodzimodzi. Zaina anakondwa kuti kwa nthawi yoyamba amayi aja amvera malangizo ake onse osasiyako. Atafika kunyumba anaimbira Usumani foni kumufunira zabwino za mawa. Usumani anayankha mwamphamvu ndithu kuti mbuziyo aimangiretu riboni, koma ali pakati polankhula panamveka mpando ukukokedwa, kenaka kubuula kwakutali kumene anayesa kukusandutsa chifuwa. Zaina anamulangiza kuti amwe madzi a mandimu, chifuwa chavuta masiku ano.

Loweruka bwalo la sukulu linadzaza dzuwa lisanakwere. Mbuzi inamangidwa pamtengo wa mango, chingwe chinayalidwa pakati pa bwalo, kansalu kofiira katamangidwa pakatikati pake. Woimbira mpikisano anali bambo Hilary, wapampando wa komiti yokonza tsikulo, munthu wokonda wenzulo yake ndi malamulo. Zaina anafika msanga n'kusankha malo oti aone bwino polowera magalimoto.

Lole ya a Balaka inafika popanda nyimbo. Zaka zonse amayiwo ankalumpha galimoto isanaime n'komwe, akuvina. Tsikuli inaima, injini inazima, ndipo kwa kanthawi palibe anasuntha. Kenaka mayi woyamba anatembenuka, anagwira chitsulo ndi manja awiri, n'kuyamba kutsika chammbuyo, phazi likufufuza pansi ngati munthu wolowa m'madzi osadziwa kuya kwake. Atafika pansi anaima osapinda mawondo n'kupumira m'mwamba. Ena anatsatira chimodzimodzi, mmodzimmodzi, aliyense akuyesetsa kuti nkhope isaulule. Usumani anafika pambuyo. Anaimitsa njinga, anayang'ana uku ndi uku, n'kunyamula mwendo wake ndi manja kuti udutse pachishalo.

Zaina anamuyandikira namupatsa moni wonse, kufunsa za kunyumba, za ana, za bizinesi, pomaliza n'kufunsa za m'thupi. Usumani anati ali bwino kwambiri, kungoti nsapato n'zatsopano. Zaina anayang'ana nsapatozo, zomwe ankazidziwa kuyambira kale, n'kumupepesa. Anamulozera mkeka woyalidwa pamthunzi kuti akhale kaye, poti akuluakulu sayenera kuima padzuwa. Usumani anauyang'ana mkekawo mmene munthu amayang'anira dzenje, nati wakhala kale kwambiri panjinga.

Zikanathera pamenepo, tsikulo likanakhala lokoma koposa onse kwa Zaina. Koma gulu lake linali lisanafike, ndipo bambo Hilary anali atayang'ana kale pawotchi kangapo. Amayi ena atatulukira pakona pa makalasi, Zaina poyamba anaganiza kuti ndi otsala a ku Balaka. Ankayenda motang'adza, mawondo osapinda, wina atagwira phewa la mnzake. Kutsogolo kunali Maness, thukuta lili kamukamu, nkhope yosakaniza ululu ndi kunyada.

“Adokotala, musadandaule,” anatero Maness asanafunsidwe. “Chinsinsi chawo tinachigwira. Nafenso tinapita.”

Nkhani inali yotere. Maness anali ndi mng'ono wake, Triza, wokwatiwa tsidya lija, yemwe ankakoka nawo ku Balaka. Lachitatu Triza anabwera kudzatenga nsomba, ndipo atakanika kusunga chimwemwe anaulula kuti aphunzitsi awo apeza njira yomwe asilikali amalimbitsira miyendo. Maness anamukama zonse: phiri lake, tsiku lake, zigubu. Sanamuuze Zaina chifukwa ankadziwa kuti akaniza, poti adokotala chilichonse amati pang'onopang'ono. Anasonkhanitsa gulu lonse, anapeza galimoto, ndipo Lachinayi masana anafika paphiripo a Balaka akumaliza kutsika. Usumani atawaona anatsimikiza kuti chinsinsicho n'choonadi, nalamula gulu lake kuti likwerenso lole libwereze. Maness ataona kuti a Balaka akubwereza, anati iwo sangapambanidwe, nawonso anabwereza, ena atasenza chigubu pamutu china m'manja.

Zaina anamvetsera zonsezi kukamwa kuli yasa. Anafuna kukalipa, koma akanayambira pati? Anangofunsa ngati pali amene watupa bondo kapena amene mkodzo wake wasintha mtundu, ndipo atamva kuti palibe, mtima unakhalako pansi. Maness anati ululuwo ndi umboni wakuti zitsulo zikulowa. Anawonjeza monong'ona kuti kuyambira dzulo amuna ake anamumangira chingwe kudenga la chimbudzi, choncho zogwira chingwe wazolowera kuposa kale.

Magulu awiri anaima moyang'anana, ndipo bambo Hilary analamula kuti anyamule chingwe. Chingwecho chinali pansi, ndipo kuti munthu achitole ayenera kuwerama. Panapita nthawi amayi akuyang'anana, aliyense kudikira mnzake, mpaka ena mwa oonerera anabwera kudzachitola n'kuwapatsira m'manja. Atauzidwa kuti apinde mawondo ndi kutsamira chammbuyo, panamveka kubuula kwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kotsika, ngati kwaya ikuyesa mawu.

Wenzulo inalira. Chingwe chinakungika, kansalu kofiira kananjenjemera, koma sikanapite kulikonse. A Balaka ankayesa kukoka, koma aliyense akati abweze phazi, ntchafu inkakana. A Liwonde anachita zomwe anaphunzira kukhoma la chigayo: anangogwira, mano ataluma, maso atatseka. Usumani ankakuwa malangizo ataima pamalo amodzi, poti kuthamanga m'mbali mwa mzere monga ankachitira kale sakanatha. Zaina, ngakhale zinthu zinali zitasokonekera, anamva kunyada pang'ono, chifukwa amayi a gulu lake ankagwira bwino ndithu, misana yowongoka, mapazi atazikika. Oonerera amene anayamba ndi kukuwa anatopa, anakhala chete kudikira kuti china chichitike. Sichinachitike. Kenaka wina anaseka, ndipo kuseka kunayenda bwalo lonse.

Chimene chinathetsa nkhani ndi mawondo a Maness. Sanagwe. Anangokhala pansi mwadzidzidzi, thupi lonse lija, chingwe chili m'chiuno. Amayi a Liwonde anagwera pa iye chagada, a Balaka anakokeka n'kugwa chafufumimba, ndipo kansalu kofiira kanadutsa mzere. Anthu a tsidya lino anayamba kuvina, koma bambo Hilary anaimba wenzulo mwamphamvu nati kukhala pansi n'koletsedwa, ayambirenso. Analamula kuti onse adzuke. Palibe anadzuka. Anaimbanso wenzulo. Mayi wina wa ku Balaka anayankha ali chigonere kuti ngati bambowo akufunitsitsa chingwe chikokedwe, aitane akazi awo.

Ali pansi pomwepo m'fumbi, Maness anayamba kukalipira mng'ono wake kudutsa mzere, kuti anamupatsa chinsinsi chowola dala. Triza anayankha kuti akanachita dala bwenzi iye ali chilili, osati chigonere chonchi. Afunse aphunzitsi amene anabwera ndi nzeru za asilikali. Amayi a Balaka anatembenukira kwa Usumani n'kumufunsa kuti asilikali akewo ndi a kuti, ndipo nawonso amayenda motang'adza kodi. Usumani anazungulirazungulira, anatchula za pa intaneti, anatchula mnzake wina wa ku Zomba, koma amayiwo sanamusiye. Pomaliza anavomera kuti anamva Zaina akupangana ndi Maness pafoni Lamulungu lija.

“Ine?” anatero Maness. “Foni yanga ili kwa okonza kuyambira mwezi watha.”

Mitu yonse, ya chagada ndi ya chafufumimba, inatembenukira kwa munthu mmodzi yekha wa m'magulumo amene anaima bwinobwino pamiyendo yake.

Zaina anayesa kusunga nkhope ya kuntchito. Anayamba kufotokoza kuti palibe wavulala, kuti mnofu ukakaniza kwambiri uku ukutalika umang'ambika ting'onoting'ono mkati, kenaka umadzikonza wokha n'kulimba kuposa kale. Anati pofika pakati pa sabata onse adzakhala bwino, angoyendayenda pang'ono ndi kuthowa ndi madzi ofunda. Koma ali pakati anayang'ana Usumani, yemwe ankabwera kwa iye mwaukali koma akuyenda ngati bakha, ndipo mawu anamuthawa. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, misozi ikutsika. Triza anayamba kuseka naye, kenaka Maness, uku akudandaula kuti asamuseketse chifukwa kuseka nako kukupweteka.

Usumani sanaseke msanga. Anati nkhaniyi si yoseketsa, dzulo kumzikiti anaswali atakhala pampando, pamzere wa nkhalamba, ndipo potuluka ashehe anamufunsa pagulu ngati wachita ngozi ya njinga. Apa ndiye ngakhale amayi a gulu lake lomwe anagubuduka m'fumbi.

Mlandu anauweruza amayi okhaokha, ali pansi, bambo Hilary atangogwira wenzulo yawo. Anagwirizana kuti chaka chino palibe wapambana, mbuzi idyedwa pomwepo ndi magulu onse awiri, ndipo wophika akhala amene ali ndi miyendo. Achibale ena oonerera atadzipereka kuthandiza, Maness anawabweza. Analola chimodzi chokha, kuti abambo azinge mbuziyo ndi kuisenda. Zotsala zonse zinali za Zaina.

Anatunga madzi kumjigo, anatola nkhuni, anabwereka miphika kwa akazi a ahedi, anasankha mpunga, anadula nyama ndi anyezi. Amayi anakokeredwa pamikeka pansi pa mango, ndipo kumeneko anapeza ntchito yatsopano yomuitana. Wina ankafuna madzi akumwa, wina ankafuna atembenuzidwe, wina mthunzi wamuthawa. Aliyense wofuna kudzuka ankakweza manja ngati khanda, Zaina n'kubwera kudzamukoka. Maness anamutcha mtsikana wantchito, ndipo ankamutuma mchere, ukabwera n'kunena kuti amafuna tsabola. Podikira kuti nyama ipse, Zaina anadutsa pamzere wonse akusisita ntchafu, za Machinga ndi za Balaka zomwe. Amayi a tsidya lija, amene ankangomudziwa ngati mdani wa pachingwe, anayamba kumufunsa za misana yawo, za mawondo a amayi awo, za mwana wina wochedwa kuyenda. Anawayankha onse, ena n'kuwauza tsiku loti abwere kuchipatala.

Anadya dzuwa litapendeka. Nyama inali yolimba pang'ono, ndipo Triza ananena mokweza kuti wophikayo za minofu ya anthu akuzidziwa koma ya mbuzi yamugonjetsa. Komabe m'mbale simunatsale kanthu. Zaina anadya chiimire, chifukwa nthawi iliyonse akati akhale, wina ankamuitana. Pomwe ankatsuka mphika womaliza, msana wake nawo unali utayamba kulankhula. Atamaliza anakankhira amayi a Balaka m'lole mmodzimmodzi, ndipo ulendo uno ananyamuka akuimba, nyimbo yake yopeka pomwepo, dzina la Zaina lili mkati.

Usumani anatsala yekha pafupi ndi njinga yake, akunamizira kuona matayala. Zaina anamvetsa. Anapita, anamunyamulira mwendo n'kuudutsitsa pachishalo, naponda kiki mpaka injini inalira. Usumani anakhala kanthawi osanyamuka. Kenaka, osamuyang'ana, anafunsa ndi mawu otsika ngati za phirizo zili ndi choonadi chilichonse.

“Zoona zake, asuweni, zimathandiza,” anatero Zaina, ndipo ulendo uno ankanena ndi mtima wonse. “Mukayamba kudakali miyezi, kamodzi pa sabata, opanda katundu poyamba, miyendo imazolowera ndipo sipwetekanso chonchi. Amayi anu aja angalimbe zoti ife sitingawathenso.”

Usumani anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kufunafuna pomwe pabisala msampha. Kenaka anamwetulira ngati munthu amene wautulukira.

“Mwayesa, asuweni,” anatero. “Phiri limenelo gulu langa silidzalipondanso.”

Zaina anatsegula pakamwa kuti alumbire, koma anaganiza kaye, n'kutsekanso. Anamufunira ulendo wabwino, namuuza kuti akapereke moni kwa amalume. Anaima akumuyang'ana akulowera kumlatho pang'onopang'ono, miyendo itatang'adza mbali zonse ziwiri za njinga, kenaka anawerama movutikira n'kusenza miphika kukabweza kwa eni ake.